Chala cha a Kalaliki

Sabata yatha tinakwanitsa chaka chimwalirireni a Kalaliki, ndipo ndazindikira kuti anandisiyira matenda. Masiku ano munthu akabwera kudzandipepesa, m'malo moti ndinene kuti zatha, maso anga amathamangira kumbuyo kwake kuti ndione amene wamutuma. Ngakhale bambo a kunyumba kwanga ayamba kudandaula. Akuti kupepesa kwa ine kwafanana ndi kupempha viza, mafunso ake osatha.

Anandisiyiranso kalata ya masamba atatu, yolemba ine ndi dzanja langa, koma mawu ake ndi awo. M'munsi mwa tsamba lomaliza muli malo amene anayenera kusayinapo, ndipo mpaka lero ndi oyera. Kalatayo inali yopita kwa mayi wina ku Malawi amene iwo sanamuonepo n'kamodzi komwe. Chinthu chimodzi chimene ankafuna asanafe chinali choti mayiyo amve zimene zinachitikira bambo ake m'chipinda china cha khoti. Ndifika kumeneko, koma muyambe mwawadziwa kaye mkuluyu, chifukwa anali ndi zawo.

Dzina lawo anali a Gidiyoni Kamtedza, koma ndikukayika ngati alipo anthu asanu kuno ku Indiana amene ankalidziwa. Tonse tinkangoti a Kalaliki, popeza kumudzi anagwira ntchito m'makhoti a majisitireti, kulemba ndi kumasulira mawu, mpaka kupuma. Mayi a kunyumba kwawo atamwalira, mwana wawo Esinati, amene ndi nesi pa chipatala china ku South Bend, anawaitanitsa kuti azikhala naye. Ine ndimakhala ku Lawrence, mbali ya Indianapolis. Tinadziwana m'gulu lathu la Amalawi a m'mizinda iwiriyi, limene mlembi wake ndine. Timakumana mwezi uno kuno, mwezi wamawa uko, ulendo wa pafupifupi maola atatu pagalimoto.

Anali munthu wamfupi, woonda, wa jekete ngakhale mu Julaye pamene dzuwa la kuno limaphika munthu. M'thumba la pachifuwa munkakhala zolembera zitatu, ndipo m'thumba la m'mbali munkakhala kabokosi kachitsulo ka inki yodindira zala. Anzathu akamabwera kuno amadzaza masutikesi ndi usipa, nsinjiro ndi ufa wa kondowole. Iwo anabwera ndi inki. Ndinawafunsa kangapo kuti ya chiyani m'dziko limene aliyense amasayina pa foni, koma ankangoseka n'kunena kuti msodzi sataya mbedza chifukwa choti wasamukira kuphiri.

Okalamba ambiri akafika kuno amafota. Ana ali kuntchito, zidzukulu zikuyankha m'Chingerezi, iwo tsiku lonse maso pa wailesi ya kanema. A Kalaliki ayi. Mwezi usanathe anali ataphunzira mabasi a mumzinda, ndipo m'mawa uliwonse wa pakati pa sabata ankakwera basi kupita kutauni kukakhala pa benchi ya kumbuyo m'khoti, pamalo a anthu ongoonerera. Analibe mlandu, analibe m'bale woimbidwa mlandu, ankangopita monga ena amapitira ku mpira. Alonda a pakhomo anafika powazolowera, kabokosi ka inki ankangokatsegula n'kuwabwezera.

Tikakumana ankatipatsa lipoti, tifune tisafune. Chimene chinawasangalatsa kwambiri n'chakuti munthu akafuna kuvomera mlandu, woweruza wa kuno amayamba wamufunsa ngati alipo amene wamukakamiza, ngati alipo amene wamulonjeza kanthu, ndiponso ngati akudziwa kuti ali ndi ufulu wokana. Tsiku loyamba kumva zimenezi akuti anangotsala pang'ono kuwomba m'manja. “Mafunso athu omwe aja, a Sekilitale! Ine ndimayesa ndi a kwathu kokha.” Koma anali ndi chowadandaulitsa. Ankati oweruza ena amafunsa maso ali pa kompyuta, ndipo funso lofunsa munthu osamuyang'ana ndi theka la funso. Atamva kuti apolisi a kuno nthawi zambiri amajambula ndi kamera akamafunsa munthu, anandifunsa ngati kamerayo imaonanso pansi pa chitseko. Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za ukalamba.

Ine ndi iwo tinayamba ndi kukangana, ndipo ndisabise, ananditopetsa. Ulembi wanga ndi wa chidule. Munthu akalankhula mphindi khumi, ine ndimalemba mzere umodzi, chifukwa Amalawi tikaima pagulu timayambira kwa Adamu. Pa msonkhano wawo wachiwiri ndinawerenga kuti Bambo Jere anavomera kuti analakwitsa pochedwa kubukitsa holo ya phwando la ufulu. Cholembera cha a Kalaliki chinakwera m'mwamba.

“Pepani a Sekilitale. A Jere anati analakwitsa?”

“Ndi zomwe ankatanthauza, ababa.”

“Ine ndinamva akuti, ngati mukuona kuti ndinalakwitsa, chabwino. Mawu amenewo ndi a munthu amene watopa, osati amene wavomera. Lembani mawu awo, anuwo musunge.”

Ndinawauza kuti pano si pa khoti, ndipo ngati akufuna ulembiwo autenge, buku ndi ili. Anakana mwaulemu wake wonse, n'kunena kuti dzanja lawo linalemba zokwanira. Kuyambira tsiku limenelo anakhazikitsa mwambo woti ndikalemba mawu a munthu, ndimuwerengere pomwepo, mwiniwake anene ngati ndi akedi. Misonkhano inatalika, mpunga unkazizira, anthu ankang'ung'udza. Koma mikangano ya “ine sindinanene choncho” inatha, ndipo zimenezo zinkandinyansa kwambiri, popeza zinkaonetsa kuti mkuluyo akunena zoona.

Tsiku limene anthu amawakumbukira nalo linali la m'nyengo yozizira, msonkhano uli kunyumba kwanga. Kuno tonse timavula nsapato pakhomo kuopa kudetsa kapeti ndi matope a sinoo, choncho pakhomo la pabalaza panali mulu wa majombo. Nkhani inali yoti mbiri yafala yakuti mwana wamkazi wa a Tcheya, wapampando wa gulu lathu, wasiya koleji chifukwa ndi woyembekezera. Zinali zoona, koma banjalo linkafuna kudziwa amene anaulula. Chala chinaloza Linesi, mayi amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo kuyambira pamene anafika kuno ankakhala m'nyumba ya a Tcheya omwewo ku Speedway.

Linesi sanadikire n'kufunsidwa komwe. Anagwada pa kapeti, manja pamodzi, n'kunena kuti ndi iye analankhula, amukhululukire. Tonse tinapuma. Kwathu ndi mmene nkhani zimathera, wamng'ono amagwada, akulu amati dzuka, kenako timapemphera n'kudya. Ine ndinali nditalemba kale kuti Linesi wavomera.

Cholembera chija chinakwera. A Kalaliki anapempha kuti a Tcheya ndi akazi awo atuluke kaye. A Tcheya anafunsa ngati akuthamangitsidwa pa msonkhano umene akutsogolera iwo omwe, ndipo anayankhidwa kuti inde, kwa mphindi zochepa chabe. Anadutsa kukhitchini kupita kugalaja, nkhope zili gwa. Tinkayesa basi, koma mkuluyo anali akuyang'anabe pakhomo.

“Majombo akuluakulu awo ndi a ndani?”

“Ndi a Tcheya.”

“Atulukenso.”

Abale, tinaseka! Mayi wina anachita kutsamwa ndi tiyi. Koma iwo sanaseke, ndipo sanayambe kulankhula mpaka bambo a kunyumba kwanga atanyamula majombowo kukawasiya kugalaja. Kenako anauza Linesi kuti adzuke akhale pampando, chifukwa munthu wogwada salankhula zoona, amalankhula zoti adzuke msanga. Anamuuza kuti palibe chomukakamiza kunena kanthu, ndipo chilichonse chimene anene chilembedwa m'buku n'kumutsata zaka zonse zimene akhale pakati pathu. Ndiyeno anamufunsa, akumuyang'ana m'maso, ngati alipo amene wamuuza zoti anene, kaya kumuopseza, kaya kumulonjeza kanthu.

Linesi anayang'ana pamene panali majombo paja, kenako misozi inayamba. Anaulula kuti m'galimoto pobwera, akazi a Tcheya anamuuza kuti avomere nkhani ithe, apo ayi ayambe kufuna kokhala. Mwezi umenewo kunja kunkazizira moti madzi ankauma m'botolo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti a Kalaliki sanathamangire kunena kuti Linesi ndi wosalakwa. Anati kukana nakonso ndi mawu chabe, tiyeni tione kunja kwa mawuwo. Anafunsa m'chipindamo kuti woyamba kumva mbiriyo anali ndani, ndipo anaimva kwa yani. Tinatsata mmodzimmodzi ngati tikumasula ulusi wa juzi, mpaka tinafika kwa mayi wina amene ananena mwamanyazi kuti iye anaimva pa foni kuchokera ku Malawi, kwa mchemwali wa a Tcheya enieniwo. A Tcheya sanawalankhule a Kalaliki mpaka chilimwe. Linesi anagona kwanga miyezi iwiri asanapeze apatimenti yake.

Tsiku lotsatira ndinawadraivira ndekha kubwerera ku South Bend, popeza Esinati anali pa shifiti, ndipo chidwi chinali chitandigwira. Ndinawafunsa kuti zonsezi anazitenga kuti. Anati ndi mmene lamulo linkafunira m'makhoti amene anagwiramo, munthu akabwera naye kwa majisitireti kuti avomere mlandu. Ine si loya, ndipo sindikudziwa ngati m'mabuku zinalembedwa ndendende choncho, ndikungonena mmene iwo ankafotokozera. Wapolisi amene wabwera naye atuluke, unyolo uchotsedwe. Munthuyo achenjezedwe kuti sakukakamizidwa, ndipo mawu ake adzamutsutsa pa mlandu. Majisitireti ayang'ane thupi lake ngati lili ndi mabala. Akanena kuti akufunabe, apatsidwe nthawi yoganiza, kutali ndi amene anamugwira. Pamenepa ankakonda kunena kuti si mawu a akuluakulu okha amene amakoma akagonera, a wovomera mlandu nawonso azigonera. Akabwerera ndi mtima womwewo, mawu alembedwe monga akutulukira m'kamwa mwake, amuwerengere, akonze pamene palakwika, kenako asayine yekha kapena adinde chala.

Ndinati ndiye kuti pepala loterolo likafika m'khoti, mlandu watha. Anapukusa mutu. Anati pepala lovomera ndi mboni ngati mboni ina iliyonse, ndipo mboni imatha kunama. Munthu amavomera chifukwa cha mantha, chifukwa chotopa, kapena pofuna kuteteza m'bale wake. Woweruza wabwino amafuna kukhutira ndi zinthu ziwiri, kuti mawuwo ananenadi ndi munthuyo, ndiponso kuti zimene akunenazo ndi zoona. Chachiwiricho sungachipeze m'pepala momwemo. Ukati unaponya mpeni m'chitsime, anthu apite kuchitsimeko akaupeze. Anawonjezera kuti kuvomera kwa munthu kumamanga iye yekha, sikungamange mnzake amene wamutchulamo.

“Nanga majombo aja, ababa? Lamulo limanenanso za nsapato?”

Anayang'ana pawindo, minda ya chimanga yopanda kanthu ili mbee ndi sinoo. Anati mlandu suwola, a Sekilitale. Kenako anandifunsa kuti minda yaikulu chonchi amalima ndani, poti chibwerere sanaonemo munthu ndi khasu. Ndinadziwa kuti chitseko chatsekedwa, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha zaka zitatu.

Anandiimbira okha foni, chinthu chimene sankachita. Anati ndibwere Loweruka masana ndi mapepala oyera, akufuna ndikhale majisitireti wawo. Ndinawapeza atavala jekete ndi tayi, atakhala pa mpando wawo wa pawindo, pamene ankaonera basi yawo ikamakhota. Anapempha Esinati kuti apite kokagula zinthu, ndipo nsapato zake za kuntchito azichotse pakhomo. Kabokosi ka inki anakaika patebulo. Kenako anandiuza kuti ndiwafunse mafunso aja, onse, osadumpha.

Ndinadziona ngati wopusa, koma ndinafunsa. Alipo wakukakamizani? Anati palibe. Alipo wakulonjezani kanthu? Anati palibe, ngakhale abusa sakudziwa. Mukudziwa kuti mawu awa akhoza kukuchotserani ulemu? Anati ndicho chifukwa chake achedwa nawo zaka zonsezi. Ndiyeno anayamba, pang'onopang'ono, kuti dzanja langa lisatsalire.

Anali adakali mnyamata pa ntchito, pa boma lina la m'chigawo chapakati limene anakana kuti ndilitchule. Majisitireti wa pamenepo anali wochokera kunja, Chichewa sankamva. Tsiku lina apolisi anabwera ndi bambo wina dzina lake Sandikonda, wokhoma ndowa ndi zitini pa msika, amene ankamuganizira kuti anatentha chigafa cha fodya pa esiteti ina. Zonse zinayenda mwa dongosolo. Unyolo unachotsedwa, wapolisi anatuluka, chitseko chinatsekedwa. Koma chitseko chimenecho chinali chachifupi, pansi pake pankatsala mpata wolowa dzanja, ndipo pa mpatawo pankaoneka majombo awiri akuda atayang'ana m'chipinda. Majisitireti pamene anakhala sankawaona. Sandikonda ankawaona, a Kalaliki ankawaonanso.

Majisitireti anafunsa, maso ali pa mafayilo, ngati munthuyo akulankhula mwa kufuna kwake. A Kalaliki anamasulira. Sandikonda anayang'ana pansi pa chitseko, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Lembani zimene akufunazo, bwana, ine ndatopa.” Ndipo a Kalaliki anatembenukira kwa majisitireti n'kunena m'Chingerezi kuti munthuyu akuti akulankhula mwa kufuna kwake.

Apa ndinasiya kulemba. Anandiuza kuti ndipitirize, sanafike penipeni.

Nthawi yoganiza inaperekedwa, koma kokaganizako kunali m'manja mwa eni majombo omwe aja. Atabwerera naye, mawu analembedwa n'kuwerengedwa, ndipo inafika nthawi yodinda chala. Sandikonda anatulutsa manja amene nthawi yonseyi anawabisa pakati pa miyendo. Zala zazikulu zonse ziwiri zinali zotupa ngati mbatata, zakuda, zosapindika. Anayesa kukweza dzanja kuti afike pa inki koma linkanjenjemera. A Kalaliki anagwira dzanjalo, anaviika chalacho mu inki, n'kuchikanikiza papepala. Akuti bamboyo sanalire, anangokoka mpweya m'mano.

Pa tsiku la mlandu Sandikonda anakana zonse, anati anamenyedwa. Khoti linaitana kalaliki amene analemba kuti achitire umboni. A Kalaliki anagwira Baibulo n'kunena kuti malamulo onse anatsatidwa, ndipo sanaone chachilendo. Umboni wina wogwirika panalibe, palibe amene anamuona pa chigafapo, koma pepala linali lolembedwa bwino, la chidindo chooneka. Sandikonda anakagwira ukaidi zaka zingapo.

Ndinawafunsa chifukwa chake, mawu anga atakwera. Anati masiku amenewo munthu wotsutsa apolisi sankagona kwawo, ndipo akazi awo anali ndi pakati pa Esinati. Koma anandiletsa kulemba zimenezo. Anati chimenecho n'chodzitetezera, ndipo kalatayi si yodzitetezera. Ndinafunsanso ngati Sandikonda anatenthadi chigafacho. Anati sakudziwa, ndipo sangalembe chimene sakudziwa. Chimene akudziwa n'chakuti mawu a papepala lija sanali ake, ndipo chala chija anadinda ndi iwo. Kudzera mwa m'bale wina wa ku mpingo anali atafufuza n'kupeza kuti Sandikonda anamwalira kalekale, koma mwana wake wamkazi, Mayi Felesiya, alipo, ndipo mpaka lero pamudzipo banja lawo amalitchula kuti a kwa wotentha chigafa.

Nditamaliza ndinawapatsa cholembera kuti asayine. Anabweza dzanja.

“Mwaiwala, a majisitireti. Mawu agonere. Mubwere mawa mudzandiwerengere, ndikadzati ndi anga, ndidzasayina.”

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti mawu agonera kale zaka makumi angati, usiku umodzi uwonjezera chiyani? Mawa ndinali pa shifiti ku Indianapolis, ndipo sindikanatha kudraiva maola asanu ndi limodzi, kupita ndi kubwera, chifukwa cha mwambo wa khoti limene kulibe. Anati ngati n'choncho ndibwere Loweruka linalo, iwo sathawa. Ndikanatha kuimba foni kuntchito n'kusinthana ndi mnzanga. Ndikanatha kugona kwa Esinati. Sindinachite, ndipo chimenechi chimandiwawa mpaka lero. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lachitatu Esinati anandiimbira kuti adadi agwa m'bafa, ndi sitiroko.

Ndinawapeza m'chipatala, mbali ya kumanja yonse itafa, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. Maso okha ndi amene anali a Kalaliki. Esinati anali atawerenga kale kalatayo, poti ndinamutumizira chithunzi chake, ndipo anali atalira mpaka kutupa maso. Anatulutsa kabokosi ka inki m'chikwama chake.

“Asisi, adadi amafuna chinthu chimenechi chithe. Ingogwirani chala chawo mudinde. Ndani adziwe?”

Ndinaona kuti akunena zanzeru. Ndinatsegula kabokosiko, ndinayala tsamba lomaliza pa kathebulo ka pabedi, ndinanyamula dzanja lawo lamanja. Linali lolemera, lofunda, lopanda mwini. Chala chinali chitatsala pang'ono kukhudza inki pamene ndinakweza maso, ndipo ndinapeza akundiyang'ana. Sindinganene kuti ankandiletsa, kapena ankandipempha, sindikudziwa, ndipo anandiphunzitsa okha kusalemba chimene sindikudziwa. Chimene ndinadziwa n'chakuti ndaima pamene anaima iwo, nditagwira dzanja la munthu amene sangathe kukana. Ndinabweza dzanjalo pa bulangeti.

Ndinapempha Esinati kuti atuluke, ndipo asaime pafupi ndi chitseko. Ndinaika inki ndi pepala pafupi ndi dzanja lawo lamanzere, limene linkagwedezeka pang'ono, n'kuwawerengera masamba onse atatu mosathamanga. Nditafika pa mawu a Sandikonda aja, misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope yawo. Nditamaliza ndinafunsa ngati mawuwo ndi awo, ndipo ndinadikira. Zala zinagwedezeka, zinakwawa pang'ono pa bulangeti, koma sizinafike. Ndinadikira mpaka nesi anabwera kudzawatembenuza. Anamwalira patapita masiku asanu ndi limodzi, ndipo Esinati sanandilankhule bwino mpaka titabwera ku maliro.

Kwa miyezi iwiri kalatayo inakhala m'dirowa. Mwa malamulo awo omwe, chinali chipepala chabe, chosasayina, cholembedwa pamaso pa majisitireti wabodza. Koma tsiku lina ndinakumbukira za mpeni wa m'chitsime uja. Ndinapeza nambala kwa m'bale wa ku mpingo uja, ndipo Loweruka lina m'mawa, kwathu kuli madzulo, ndinaimbira Mayi Felesiya. Ndinadzifotokoza, ndipo ndinayamba n'kuwauza chilungamo, kuti mwini mawuwa anamwalira asanasayine, choncho ali ndi ufulu wosawakhulupirira. Anati werengani.

Ndinawerenga. Kumbali kwawo kunkamveka nkhuku ndi wailesi, kenako wailesiyo inazimitsidwa. Nditamaliza anandifunsa.

“Akuti zala zonse ziwiri?”

“Eya, mayi. Zazikulu zonse ziwiri.”

“Bambo atabwera kundende sanakhomenso ndowa. Nyundo inkawapulumuka. Mabatani a malaya ndinkawamanga ndine, m'mawa uliwonse, mpaka tsiku limene tinawaika m'bokosi. Tikawafunsa ankati anapweteka ndi khasu la kundende.”

Kenako mawu awo anauma. Anandifunsa kuti mkulu ameneyu ankadikira chiyani zaka zonsezi, bambo awo ali moyo, anthu akuwaloza pamsika. Sananene kuti akhululuka, ndipo ine sindinawapemphe. Anangoti ndiwerengenso kachiwiri, adikire aitane achimwene awo ndi ana amve nawo. Nditamaliza kachiwiriko ndinapepesanso za malo osasayina aja.

“Tumizani pepalalo mmene lililimo,” anatero. “Za chala musavutike nazo. Zala ife tinaziona.”

Kalata yeniyeniyo inapita ndi mnzathu wina amene ankapita kumudzi pa tchuthi. Ine ndinatsala ndi kope.

Loweruka lapitali, titachoka ku mapemphero okumbukira chaka, ndinadutsira kwa Esinati. Mpando uja ukadali pawindo, ndipo basi yawo imakhotabe pa nthawi yake, osatsitsa munthu wa jekete. Zolembera zitatu zili m'kapu pa shelefu. Kabokosi ka inki ndinakatsegula, ndinagusa ndi chala changa, ndipo sikanandidetse n'komwe, kanauma. Potuluka ndinawerama kuti ndivale nsapato. Pa mphasa ya pakhomo pali nsapato za Esinati za kuntchito, majombo ake a sinoo ndi masilipasi a alendo, zonse zothinana mbali imodzi. Kumapeto kwake, pafupi ndi khoma, pali mpata wokwana nsapato ziwiri zazing'ono zachikopa, ndipo chaka chonsechi palibe amene waikapo zake.